KATUNDU WOGWIDWA NDI AKASITOMU: KODI MWINI WACHE ANGAMLANDIRENSO?

Anthu a m'midzi yathu akuyenda kwambiri maulendo a kunja masiku ano. Ena apita ku Lusaka kapena ku Tete kukaoda malonda, ena ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam, ndipo ena abwerera kuchokera ku Johannesburg atasenza katundu amene anamkhetsera thukuta zaka zambiri. Onsewa ayenera kupyola pa chipata cha m'malire, monga pa Mchinji, pa Mwanza, pa Dedza, pa Muloza kapena pa Songwe, ndi kuonetsa katundu wao kwa akasitomu. Kawiri-kawiri zinthu ziyenda bwino: munthu alipira msonkho, alandira lisiti lache, napitirira ulendo. Koma nthawi zina katundu agwidwa, ndipo mwini wache auzidwa kuti waphwanya lamulo, alipire chindapusa. Ambiri pamenepo amangoti zapita basi, nabwerera kumudzi manja ali m'khosi.

Nkhani ino tailemba kuti owerenga adziwe kuti m'malamulo a kasitomu a maiko ambiri muli khomo lina limene anthu salidziwa. Akuru a kasitomu ali ndi mphamvu yochepetsa chindapusa, kapena kuchikhululukira chonse, ndiponso yobweza katundu wogwidwa ngati aona kuti nkoyenera. Tiona m'mene mphamvu imeneyi inayambira ku America, m'mene igwirira nchito kumeneko ndi ku Britain, ndi zimene ife kuno tingatolepo.

Kugwira si kulanda

Poyamba tisiyanitse mau awiri. Ofesala akagwira katundu, katunduyo sanasanduke wa Boma ai. Wangosungidwa, monga momwe ng'ombe yodya m'munda mwa eni imamangidwira kwa mfumu kufikira mlandu utakambidwa. Katundu alandidwa kotheratu pokha-pokha masiku oikidwa ndi lamulo atatha mwini wache osadandaula, kapena bwalo la milandu litagamula kuti alandidwe. Pamenepo Boma lingamgulitse pa okushoni, kapena kumtentha ngati ali katundu woipa. Pakati pa kugwidwa ndi kulandidwa pali nthawi, koma ndi nthawi yaifupi ndithu.

Wina angafunse kuti, nanga nchifukwa ninji malamulo a kasitomu ali owawa chotere, kuti munthu ataye katundu yense kaamba ka msonkho wochepa? Chifukwa chache ndi ichi. Pa chipata papyola malole ndi mabasi ambiri tsiku liri lonse, ndipo ofesala sangathe kumasula chikwama chiri chonse ndi katoni iri yonse. Boma lidalira mau a mwini katundu. Chikhala kuti wonama akagwidwa angolipira msonkho womwewo umene anauzemba, aliyense akadayesa mwai, podziwa kuti akagwidwa sataya kanthu. Tsono chilango chiyenera kukula kuposa msonkho kuti anthu aope.

Chinthu china ndi chakuti lamulo lolanda katundu siliyang'ana mtima wa munthu, liyang'ana katunduyo. Ku America mlandu wotere umalembedwa ngati kuti wozengedwa ndi katundu mwini, ndipo m'mabuku a khoti mupezamo milandu ya Boma kutsutsana ndi chombo, ndi galimoto, ngakhale ndi mulu wa ndalama. Motero lole ingathe kugwidwa chifukwa dalaivala anabisa katundu pansi pa matumba, mwini lole ali kunyumba osadziwa kanthu. Lamulo lotere liri ngati khoka, limene likokera kumtunda chiri chonse chopezeka m'madzi. Likola wozembetsa katundu wochenjera, likolanso mai wosadziwa kuwerenga amene wina anamlembera fomu molakwa. Ndicho chifukwa pafunika munthu wokhala ndi mphamvu yosankha.

Chiyambi chache ku America

Boma la United States linayamba nchito mu 1789, ndipo pa zaka zoyambazo pafupi-fupi chuma chache chonse chinali kuchokera ku msonkho wa katundu wolowa pa madooko. Malamulo a msonkhowo anali atsopano ndiponso olimba, ndipo amalinyero ambiri sanawadziwe. Mmodzi wa iwo anali Christopher Saddler wa ku Nova Scotia, amene chombo chache ndi katundu wache zinagwidwa pa dooko la Boston. Iye analembera Nyumba ya Malamulo kunena kuti lamulolo sanalidziwe konse. Kalata yache inatumizidwa kwa Alexander Hamilton, Nduna yoyamba ya za Chuma, amene anayankha mu January 1790. Hamilton anabvomera kuti munthuyo achitiridwe chifundo, koma anaonanso patali. Milandu yotere idzachuluka, ndipo Nyumba ya Malamulo siingathe kukhala pansi kukamba za chombo chimodzi-chimodzi. Anapempha tsono kuti mphamvu yokhululuka iikidwe m'manja mwa wina.

Lamulo linatuluka mu May 1790. Munthu wogwidwa katundu anali kupereka pempho lache kwa jaji wa m'chigawo chache. Jajiyo sanali kugamula kanthu. Nchito yache inali kufufuza m'mene zinthu zinayendera ndi kutumiza zopezazo kwa Nduna ya za Chuma. Ndunayo ikaona kuti munthuyo analakwa wopanda cholinga chobera Boma, ndiponso wopanda kunyozera dala, inali ndi mphamvu yokhululuka chilango chonse kapena mbali yache. Mphamvuyo siinangokhala m'buku. Mphunzitsi wa za malamulo Kevin Arlyck, amene anafufuza makalata a zaka zoyambazo nalemba za iwo mu 2019, anapeza kuti mwa mapempho 10 ali onse, oposa 9 analandiridwa.

Koma panali chinthu china choipitsa nchito ya kasitomu. Masiku amenewo ndalama za chindapusa ndi za katundu wolandidwa zinali kugawidwa: theka kwa Boma, theka lina kwa akuru a kasitomu a padookopo ndi kwa munthu amene anaulula mlandu. Chikhululuko chiri chonse chinali kuwachotsera akuruwo nsima pakamwa. Iwo anayesa kunena kuti khoti likangogamula, gawo lao ndi lao basi, Nduna siingalikhudze. Khoti Lalikuru la dzikolo linawakanira mu 1825, pa mlandu wa United States v. Morris, ndi kunena kuti Nduna ingathe kukhululuka ngakhale chigamulo chitaperekedwa kale, malinga ndalamazo zisanagawidwe.

Kuipa kwa mwambo wogawanawu kunaonekera poyera ku New York. Kampani ya Phelps, Dodge and Company, yoitanitsa zitsulo kuchokera kunja, inanenezedwa kuti inalemba mitengo yochepa pa mapepala a katundu wina. Eni kampani anaopsezedwa kuti katundu yense wa pa mapepalawo angalandidwe, ndipo mu 1873 analipira madola oposa 271,000 kuti nkhani ithe. Pambuyo pache zinadziwika kuti msonkho umene Boma linataya sunakwane ndi madola 2,000 omwe. Mwa amene analandirako gawo munali Chester Arthur, mkuru wa kasitomu pa dooko la New York, amene anadzakhala Pulezidenti wa dzikolo mu 1881. Anthu amalonda anakwiya kwambiri, ndipo mu 1874 Nyumba ya Malamulo inathetsa mwambo wopatsa akuru a kasitomu gawo la chindapusa. Ife tiganiza kuti anachedwa nazo. Munthu amene adzadya nao chindapusa sangayembekezedwe kuchichepetsa.

M'mene achitira lero

Mphamvu yokhululukayi iripobe ku America, m'lamulo la msonkho wa katundu la 1930, ndipo mau ache ali pafupi-fupi omwe aja a masiku a Hamilton. Munthu akagwidwa katundu amatumiziridwa kalata yomdziwitsa chifukwa chache. Kuchokera tsiku limene kalatayo inatumizidwa, ali ndi masiku 30 operekera pempho lache. Ngati nkhani iri ya chindapusa chokha, masiku ndi 60. Pempholo silifuna fomu yapadera kapena loya. Lifuna kuti munthu afotokoze katunduyo, tsiku ndi malo amene anagwidwira, m'mene zinthu zinayendera, ndi umboni wakuti katunduyo ndi wachedi. Akakanidwa, kapena akaona kuti zimene amchotsera nzochepa, angathe kulemba pempho lachiwiri m'masiku 60.

Pa mlandu wolemba zonama pa mapepala a katundu, lamulo lao ligawa kulakwa patatu, ndipo aphunzitsi angachite bwino kuwafotokozera ana a sukulu kagawidwe kameneka, pakuti ndi chitsanzo chabwino cha kuyeza chilango. Tiyerekeze kuti msonkho umene unasowa ndi madola 1,000. Ngati munthu anangolakwa posasamala, chindapusa sichingapitirire kawiri msonkhowo, ndiwo madola 2,000. Ngati kusasamala kwache kunali kwakukuru, kwa munthu wodziwa lamulo koma wosalabadira, chingafike kanai, madola 4,000. Ngati ananama dala kuti abere Boma, chindapusa chingafike pa mtengo wonse wa katunduyo. Msonkho weni-weniwo ulipiridwabe pa zonsezi, pakuti msonkho si chilango, ndi ngongole. Ndipo munthu amene adziulula yekha akasitomu asanayambe kumfufuza amapeputsidwa kwambiri: wolakwa posasamala alipira msonkho ndi chiongola dzanja chache basi.

Milandu iwiri

Ku Britain lamulo la kasitomu la 1979 lipatsa akuru a kasitomu mphamvu yotha mlandu kunja kwa khoti, yochepetsa chindapusa, ndi yobweza katundu wolandidwa, mwina pa malipiro ena. Koma cha m'ma 2000 fodya wozembetsedwa kuchokera ku France ndi ku Belgium, kumene msonkho wache unali wotsika, anachuluka kwambiri, ndipo akasitomu anatsimikiza kuti galimoto iri yonse yopezeka itanyamula fodya wotere siidzabwezedwa, kupatula pa zifukwa zosowa ndithu. Mu 2000 munthu wina dzina lache Lindsay anagwidwa pochokera ku France ali ndi ndudu zoposa 18,000 ndi makilogalamu 10 a fodya wopichira. Iye ananena kuti zina anagulira abale ache ndi ndalama zao, osati kuti akapindule nazo. Fodya analandidwa, ndi galimoto yomwe, Ford Focus yatsopano imene mtengo wache unaposa msonkhowo kutali.

Nkhaniyi inafika ku khoti la apilo mu 2002. Oweruza sananene kuti Lindsay sanalakwe, pakuti analakwadi. Ananena kuti amene azembetsa fodya kuti akagulitse asadandaule akataya galimoto, popeza adziwa chimene achita. Koma amene anyamulira abale ndi abwenzi wopanda phindu ayenera kuyezedwa payekha: fodya anali wochuluka bwanji, kodi ndi nthawi yoyamba, kodi anabisa kapena kunama, galimoto ndi ya mtengo wanji, ndipo adzabvutika motani akaitaya. Akasitomu anauzidwa kuti aionenso nkhaniyo. Phunziro lache kwa ogwira nchito m'Boma ndi lakuti munthu wopatsidwa mphamvu yosankha sayenera kudzimanga yekha ndi lamulo lakuti onse akanidwe.

Mlandu wina unachitika ku Los Angeles mu 1994. Lamulo la ku America lifuna kuti munthu wotuluka m'dziko ndi ndalama zoposa madola 10,000 auze akasitomu. Hosep Bajakajian, popita ku Cyprus ndi banja lache, anapezeka ndi madola 357,144 amene sanawaulule onse. Boma linafuna kulanda ndalama zonsezo. Jaji woyamba anapeza kuti ndalamazo sizinali zakuba kapena za malonda oipa, koma zinali zokabweza ngongole, ndipo analamula kuti alandidwe madola 15,000 okha, alipirenso chindapusa cha madola 5,000. Boma silinakhutire, koma mu 1998 Khoti Lalikuru, majaji 5 kutsutsana ndi 4, linagamula kuti kulanda zonse kukadakhala chilango chopyola muyeso. Taonani, munthuyu sanapite waulere. Kubisa kwache kunamdyera madola 20,000 ndi zaka zinai za milandu.

Nanga kuno kwathu?

Kuno msonkho wa kasitomu utoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene anthu alitcha MRA. Linayamba nchito mu 2000, ndipo likulu lache liri ku Msonkho House mu Blantyre. Lamulo limene maofesala ache atsata pa zipata ndi Customs and Excise Act. Lamulolo liwapatsa mphamvu yogwira katundu, lipatsanso mkuru wa bungwelo mphamvu yotha mlandu wa kasitomu popanda kupita ku khoti, ngati wolakwayo abvomera kulakwa kwache molemba. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanganso lamulo lokhazikitsa bwalo lapadera lomva madandaulo a za msonkho, lochedwa Revenue Appeals Tribunal.

Palinso pangano la maiko la bungwe la World Trade Organization lofewetsa kayendedwe ka malonda, limene linagwirizanidwa ku Bali mu 2013 ndi kuyamba kugwira nchito mu February 2017. Dziko la Malawi linalibvomera chaka chomwecho cha 2017. Pa za chindapusa cha kasitomu panganolo linena zinthu zimene owerenga azizindikira kuchokera m'nkhani za pamwambazi. Chilango chigwere munthu amene walakwa, osati wina. Chilingane ndi kukula kwa kulakwako. Pasakhale njira yoti ofesala apindule ndi chindapusa chimene atchaja. Wolangidwa apatsidwe pepala lonena chimene walakwa ndi lamulo limene waphwanya. Ndipo maiko alimbikitsidwa kupeputsa munthu amene waulula yekha kulakwa kwache asanagwidwe.

Pepala limenelo ndilo chinthu choyamba chimene munthu wogwidwa katundu ayenera kufuna. Musachoke pa chipata wopanda chikalata chosonyeza kuti katundu wanu wagwidwa, kuchuluka kwache, tsiku, ndi chifukwa chache. Muwerengetse katunduyo pamaso panu. Mufunse kuti masiku odandaulira ndi angati ndi kuti kalata ipite kwa yani, ndipo masikuwo muwalembe, pakuti madandaulo ochedwa akanidwa ngakhale ali oona. Ndalama iri yonse imene mulipira ikhale ndi lisiti la Boma. Munthu akakuitanirani kuseri kwa lole ndi kunena kuti mumpatse kangachepe kuti katundu atuluke, kumeneko si kuchepetsa chindapusa, ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu woposa woyamba uja. Zotere zinenedwe kwa akuru a MRA kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Tsono pali njira ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Njira yoyamba ndi kukana mlandu: kunena kuti katunduyu sanayenere kugwidwa konse, msonkho ndinalipira, lisiti ndi ili. Njira imeneyi ithera ku bwalo la milandu. Yachiwiri ndi kupempha chifundo: kubvomera kuti kulakwa kulipo, koma kufotokoza chifukwa chache chilango chichepe. Ku Britain munthu ali ndi mwezi umodzi wokanira kugwidwa kwa katundu wache. Mweziwo ukatha ali chete, lamulo liyesa kuti katunduyo analandidwa moyenera, ndipo popempha kuti ambwezere sangayambenso kunena kuti sanalakwe. Motero munthu aganize bwino njira imene atenga, maka-maka asanasaine pepala lobvomera kulakwa. Wosadziwa Chingerezi apeze womwerengera amene amkhulupirira, ndipo ngati katundu ali wa mtengo waukuru afunse loya. Kwa wolakwadi, kubvomera msanga kawiri-kawiri kumapeputsa, pakuti mlandu wa ku khoti udya nthawi ndi ndalama. Koma wosalakwa asasaine chifukwa chotopa kapena chifukwa basi ikumsiya.

Aphunzitsi ndi alembi a mafumu ndiwo amene anthu amawathamangira kuti awalembere makalata otere, ndipo tiwapempha kuti alembe mwachidule ndi moona. Kalata yabwino itchula dzina ndi keyala, nambala ya chikalata chogwirira katundu, ndi m'mene kulakwa kunachitikira, tsiku ndi tsiku. Inena ngati ndi nthawi yoyamba, ngati munthuyo anaonetsa yekha katundu kwa ofesala, ndi ngati ali wokonzeka kulipira msonkho wonse. Malisiti ogulira katundu aphatikizidwe, koma munthu asunge makope ache. Mwini galimoto imene inagwidwa iri m'manja mwa wina asonyeze bulubuku, pangano lobwereketsa kapena lolemba dalaivala, ndi zimene anachita poyesa kuletsa kuti galimoto yache isanyamule katundu wozemba. Kulira umphawi kokha sikukwanira, pakuti ofesala amva kulira kotero tsiku liri lonse. Ndipo bodza limodzi lopezeka m'kalata liononga ndi zoona zomwe ziri m'menemo.

Chifundo chimenechi chiri ndi malire ache. Chamba, minyanga ya njobvu, mankhwala achinyengo ndi mfuti zopanda chilolezo sizibwezedwa kwa munthu, ngakhale alembe kalata yokoma chotani, ndipo mwini wache ayembekezere khoti. Amene anakhoma chipinda chobisika pansi pa lole, kapena kupyola njira ya kutchire usiku kulambalala chipata, adzabvutika kunena kuti analakwa posadziwa. Wogwidwa kachiwiri sapeputsidwa monga woyamba, ndipo masiku ano zolemba za kasitomu zisungidwa m'makompyuta, kotero kuti amene anagwidwa pa Mwanza asaganize kuti pa Songwe samdziwa.

Katundu wobvunda msanga, monga nsomba, tomato ndi zipatso, ali ndi bvuto lache lache. Malamulo a maiko ambiri alola akasitomu kumgulitsa nthawi yomweyo, ndi kusunga ndalama zache m'malo mwa katunduyo kufikira mlandu utatha. Ngakhale katundu wosabvunda, monga njinga kapena malata, akakhalitsa m'nyumba yosungiramo katundu angathe kubwera ndi lendi imene mwini wache ayenera kulipira pomtulutsa, ndipo lendiyo ikula ndi kuchuluka kwa masiku. Kalata ilembedwe sabata yomweyo, iperekedwe pa ofesi, ndipo kope lache lidindidwe chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa.